Nthano imodzi, okamba atatu

Madzulo ku Mandimba, pafupi ndi msika, timamva jenereta ikulira. M'kanyumba ka vidiyo muli mdima. Ana akhala pansi, akulu akhala pa mabenchi. Pa kanema anthu a ku China akumenyana. Wina walumphira pa denga. Wina wathyola mtengo ndi dzanja. Ku Massangulo n'cimodzimodzi. Ku Cuamba n'cimodzimodzinso.

Ambiri a ife timati: "Awa ndi mafilimu a ana, zibakera zokhazokha." Ena ndi otero ndithu. Koma ena anacokera m'mabuku. Munthu anakhala pansi, natenga colembera, nalemba. Pambuyo pake anthu a kanema anatenga buku lija ndi kulisandutsa sewero.

Lero tikamba za buku limodzi lotere. Analisewera kambirimbiri, koma ife tinaonera magulu atatu: la 1983, la 2003 ndi la 2017. Tinaonera pa kompyuta ya mnzathu wina wa ku Cuamba amene amadziwa Cingelezi. Iye anawerenganso bukulo, ndipo ankatimasulira mau olembedwa pansi pa cithunzi. Tinayamba titakolola, tinamaliza mvula yoyamba itagwa.

Mwini nthano

Wolemba bukuli ndi Louis Cha. Pa mabuku ace ankalemba dzina lakuti Jin Yong. Anabadwa mu 1924 ku Haining, ku China, ndipo anamwalira mu 2018 ku Hong Kong. Nchito yace inali ya nyuzipepala. Nthano iyi anailemba pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya ku Hong Kong, kuyambira 1957 mpaka 1959. Anthu ankagula pepala kuti amve zimene zatsatira, monga ife timadikira novela ya mawa.

Dzina la bukuli m'Cichaina ndi She Diao Ying Xiong Zhuan. Kumasulira kwace ndi mbiri ya ngwazi zolasa ziombankhanga. Lili ndi mitu 40. M'Cingelezi linayamba kutuluka mu 2018.

Nthano yace ndi iyi. Zaka 800 zapitazo China anali wogawika. Kumwera kunali ufumu wa Song. Kumpoto kunali ufumu wa Jin, wa anthu obwera amene analanda dzikolo ndi nkhondo. Kupitirira kumpoto kunali a Mongol, oweta akavalo ndi nkhosa.

M'mudzi wina wa kumwera munali amuna awiri opangana ubale, Guo ndi Yang. Akazi ao onse anali ndi pakati. Usiku wina asilikali anagwa m'mudzimo. Guo anaphedwa. Mkazi wace anagwidwa, natengedwa ulendo wa kumpoto, napulumuka, nakabereka mwana m'cipululu ca a Mongol. Mwanayo ndi Guo Jing. Mkazi wa Yang anatengedwa ndi kalonga wa Jin. Mwana wace, Yang Kang, anakulira m'nyumba yacifumu, osadziwa kuti amene amamuchula atate ndiye anatumiza asilikali aja.

Amai ena m'gulu lathu atamva izi anati: "Imeneyi tikuidziwa." Zoonadi. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, anthu ambiri a ku Mandimba ndi ku Ngauma anaoloka malire kupita ku Malawi. Ana anabadwira kumeneko. Atabwerera anafunsa kuti kwao kwenikweni ndi kuti.

Mwana wocedwa kumva

Guo Jing si mwana wanzeru zacangu. Bukulo limanena kuti anayamba kulankhula ali ndi zaka 4. Aphunzitsi ace oyamba anali anthu asanu ndi awiri a kumwera, anthu wamba: wina wopha nyama, wina wotema nkhuni, wina wogulitsa malonda ndi sikelo, wina mkazi wa ku madzi. Mkulu wao anali wakhungu. Anamfunafuna zaka 6, ndipo atampeza anagwa mphwayi. Ankamuonetsa cinthu kakhumi, iye osacigwira. Ankamkalipira. Iye sankayankha. Ankapita yekha kukabwereza mpaka manja atatupa.

Ife a sukulu ya akulu timamdziwa mwana ameneyu. Ndi ife. Dzanja lozolowera khasu likagwira pensulo limanjenjemera. Cilembo cimene tinaphunzira Lolemba, Lacitatu cathawa. Conco poonera magulu atatuwa, funso lathu loyamba linali lakuti: kodi munthu wocedwa kumva amuonetsa bwanji? Amlemekeza kapena amseka?

Apa ndi pamene gulu la 2003 linatikhumudwitsa. Amene anasewera Guo Jing ndi Li Yapeng. Anali ndi zaka zoposa 30, pamene mnyamata wa m'buku ali ndi zaka 18. Zimenezo tikanakhululuka. Cimene sitikhululuka ndi ici: amalankhula mokoka mau, maso ali tong'o, monga munthu amene mutu wace suli bwino. Oonera amaseka. Koma kucedwa kumva si ucitsiru. Guo Jing wa m'buku amadziwa msanga cabwino ndi coipa. Amadziwa kusunga pangano. Cimene amacedwa naco ndi kugwira phunziro latsopano, ndipo akaligwira salitaya. Wosewera akasokoneza ziwirizi waononga munthu yense. Ndipo watitukwana ife tonse amene tinalowa m'kalasi tili ndi imvi.

Mu 1983 anasewera Felix Wong. Anali mnyamata wa zaka 20 ndi pang'ono. Iye amaonetsa munthu woona mtima, wamanyazi pang'ono, amene amakhulupirira aliyense. Akanamizidwa timamva cisoni, sitiseka. Mu 2017 anasewera Yang Xuwen, wamtali, wodekha. Nayenso saoneka citsiru. Amaoneka ngati mnyamata wa kumudzi amene wafika m'tauni koyamba: akuyang'ana, akumvetsera, sanayambe kulankhula. Awiriwa anamumvetsa Guo Jing. Tikati tisankhe mmodzi, tisankha Felix Wong, cifukwa nkhope yace imasintha pamene nthano ikupita. Poyamba ndi mwana, pomaliza ndi munthu wamkulu amene waika aphunzitsi ace m'manda.

Nkhuku ya m'dothi

Pali malo amene tonse tinawakonda m'magulu onse. Guo Jing atafika ku China anakumana ndi kamnyamata kopemphetsa, kakuda ndi makala. Anakagulira cakudya cambiri, nakapatsa covala cace ca cikopa ndi kavalo wace. Sanadziwe kuti ndi mtsikana, Huang Rong, mwana wa katswiri wina woopsa wokhala pa cisumbu. Mtsikanayu ndi wocenjera kopambana. Amadziwa kuwerenga, masamu, nyimbo, ndiponso kuphika.

Tsiku lina anamata nkhuku ndi dothi, naiocha pamoto. Fungo linakoka nkhalamba ina ya zala 9, Hong Qigong, mfumu ya opemphetsa. Nkhalambayi inali yodziwa nkhondo koposa, koma yosusuka. Cala cimodzi inadzidula yokha, cifukwa tsiku lina kususuka kwace kunailepheretsa nchito ina yaikulu. Huang Rong anapangana nayo: iye aziphika, iyo iziphunzitsa Guo Jing. Nkhalamba inaona kuti mnyamatayu sangagwire zinthu zambiri zozungulira. Inamphunzitsa kamenyedwe kamodzi kokha, kosavuta kuona koma kofuna mphamvu ndi kubwereza. Guo Jing anamenya mitengo tsiku ndi tsiku mpaka anakagwira. Pamenepo inampatsa kaciwiri.

Aphunzitsi athu, mwamva? Aja asanu ndi awiri ankampatsa zinthu zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi, aliyense cace. Uyu anampatsa cimodzi.

Huang Rong wa 1983 ndi Barbara Yung. Palibe womposa. Maso ace amaseka asanatsegule pakamwa. Amanyenga adani, amacita nsanje, amakwiya, amalira, zonse ndi mtima wonse. Nthawi zina amapitirira muyeso. Abambo ena m'gulu lathu anati mkazi wotere sangakhale naye sabata imodzi. Amai anawayankha kuti iyenso sangawafune. Barbara Yung anamwalira mu 1985 ali ndi zaka 26, ndipo mpaka lero anthu a ku China akamachula Huang Rong ambiri amakumbuka nkhope yace.

Zhou Xun wa 2003 ndi katswiri wa masewero, koma mau ace ndi okhuthala, a munthu wamkulu, ndipo ambiri ku China anadandaula nazo. Ife mau sanativute, pakuti Cichaina sitimva. Cimene tinaona ndi cakuti iye ndi Li Yapeng saoneka ngati okondana. Amayenda limodzi ngati anthu amene akumana m'shapa. Li Yitong wa 2017 ndi wosangalatsa ndi waulemu, koma ndi wofatsa kuposa mtsikana wa m'buku, amene nthawi zina ndi wankhanza ndithu.

Mapiri a pepala ndi akavalo enieni

Tisalakwire gulu la 2003. Lili ndi cace cimene ena alibe.

Sewero la 1983 linapangidwa ndi kampani ya TVB ku Hong Kong, m'magawo 59. Hong Kong ndi malo opanikizana. Zambiri anajambulira m'nyumba. Miyala ndi yopanga, thambo ndi nsalu yopaka utoto. Munthu akagwera pa mwala, mwala umagwedezeka. Cipululu ca a Mongol ndi kaphiri kamodzi ndi akavalo owerengeka. Olemba sewerolo anaonjezamonso nkhani zao zimene m'buku mulibe, ndipo mnzathu uja ankaimitsa kompyuta kawirikawiri n'kumati: "Izi si za Jin Yong." Koma nyimbo zace, zimene anapeka Joseph Koo, zimalowa m'mutu. Pofika gawo lacisanu ana anali kuziimba ndi mluzu popita kumjigo. Ndipo amene amakonda Stephen Chow wa filimu ya mpira ndi kung fu ayang'ane bwino: alimo, ali mnyamata, akusewera msilikali wamba.

La 2003, la magawo 42, linapangidwa ku China kwenikweni, motsogozedwa ndi Zhang Jizhong. Iwo anapita ku dambo lenileni la ku Inner Mongolia. Udzu ukufika kumene maso alekeza. Akavalo ndi ambirimbiri, fumbi ndi lenileni, mahema ndi enieni. Amene anasewera Genghis Khan, mfumu ya a Mongol, ndi Ba Sen, mwini wace wa mtundu wa Mongol. Apa timamvetsa cifukwa cimene Guo Jing amakondera dziko limene linamlera. Anadya nao, anakwera nao akavalo, mwana wa mfumu anali mbale wace wopangana.

Conco pamene Genghis Khan amlamula kuti atsogolere nkhondo yokagwira dziko la Song, kwao kwa makolo ace, kulemera kwa nkhaniyo timakumva pa cifuwa. Amai ace anadzipha pamaso pa mfumu kuti mwana wao asakakamizidwe cifukwa ca iwo. Pamapeto Guo Jing akumananso ndi mfumuyo itakalamba, ndipo amaiuza poyera kuti kupha anthu ambiri si ungwazi. Genghis Khan ndi munthu weniweni wa m'mbiri, anamwalira mu 1227. Guo Jing ndi wopeka. Koma mau amenewa amafuna dambo lalikulu kumbuyo kwao, kuti tione kukula kwa dziko limene mfumu inalanda. Pamaso pa nsalu yopaka utoto amacepa. Pa malo awa la 2003 lapambana, ngakhale lili ndi Guo Jing wolakwika.

La 2017, la magawo 52, ndilo limatsata buku mokhulupirika koposa, kutengera mnzathu amene anawerenga. Limalemekezanso akale. Linatenga nyimbo yoyamba ya 1983. Michael Miu, amene mu 1983 anali Yang Kang wacinyamata, mu 2017 ndi atate a Huang Rong. Colakwa cace ndi ukhondo. Anthu ayenda ulendo wa miyezi koma zovala zilibe fumbi. Opemphetsa ali ndi mano oyera. Ife tikayenda pansi kucokera ku Mandimba kufika ku nyanja ya Amaramba timadziwa mmene mapazi amaonekera. Ndewu zinanso amazicedwetsa dala, munthu n'kumayandama m'mwamba nthawi yaitali, mpaka wina mwa ife anapita kukathira madzi pamoto nabwerera asanatere.

Buku limene anthu amaphana nalo

Cinthu cimene cinatidabwitsa koposa ndi ici. M'nthano yonseyi akatswiri salimbirana golide kapena munda. Amalimbirana buku. Dzina lace ndi Jiu Yin, ndipo muli zinsinsi zonse za nkhondo.

Mkazi wina, Mei Chaofeng, ndi mwamuna wace anaba theka la bukulo kwa mphunzitsi wao. Theka linalo, limene limafotokoza maziko, analibe. Anawerenga zilembo koma tanthauzo sanalimve. Mau ena anali okuluwika ngati mwambi. Pamene buku linanena za kumenya mdani pamalo ofunika, iwo anamva ngati likunena mutu weniweni. Anayamba kuboola zigaza za anthu ndi zala. Anasanduka zirombo zoopedwa ndi dziko lonse. Mu 2003 mkaziyu anaseweredwa ndi Yang Liping, katswiri wa magule, ndipo manja ace okha amaopsa kuposa nkhope zonse zopakapaka za 1983.

Wina ndi Ouyang Feng, katswiri wa ululu wa njoka. Iye anagwira Guo Jing m'combo, namkakamiza kuti alembe bukulo, pakuti mnyamatayo analiloweza pamtima. Guo Jing analemba ndi zilembo zace zokhotakhota. Koma nkhalamba ya zala 9 inamlangiza kuti asinthe apa ndi apo: pamene pali kumwamba alembe pansi, pamene pali nambala iyi alembe ina. Ouyang Feng anatsata pepalalo ndi mtima wonse. Anayamba kuyenda ndi manja, miyendo m'mwamba. Mphamvu anazipeza, koma mutu unasokonekera, mpaka anaiwala dzina lace.

Ife tinaseka, kenaka tinakhala cete. Tonse tinagwirapo pepala limene sitingathe kuliyesa tokha. Pepala la ngongole ya feteleza wa fodya. Pepala la sikelo pa msika wa thonje. Botolo la mankhwala opopera, lolembedwa m'Cipwitikizi kuti tithire zingati m'madzi angati. Mankhwala a mwana a kucipatala. Wina amatiwerengera, ife n'kudinda cala. Akasintha nambala imodzi tidzadziwa bwanji? Akale anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Pa nkhani iyi magulu onse atatu amatipatsa zocepa. Kanema amakonda dzanja lomenya kuposa diso lowerenga. Zigaza amazionetsa bwino, koma cifukwa cace, cakuti anthu awa anamva molakwa mau olembedwa, cimadutsa msanga m'mau owerengeka. Ukatembenuka kuti uthamangitse nkhuku, cakupita. Ife tinacimvetsa cifukwa mnzathu anaimitsa sewero natifotokozera za m'buku.

Wokamba wacinai

Kwathu nthano ya Kalulu imasintha ndi wokamba. Agogo a ku Ngauma amaikamba mwina, a ku Mandimba mwina. Palibe wolakwa, pakuti palibe pepala loyesera. Nthano ya m'buku ndi yosiyana. Okamba atatuwa tingawayese, cifukwa buku lilipo ndipo silisuntha. Ku China komweko anthu a ku Hong Kong amalankhula Cantonese, a ku Beijing amalankhula Mandarin. Pakamwa samvana. Koma buku la Jin Yong onse amaliwerenga, cifukwa kalembedwe ndi kamodzi.

M'nyumba zathu za vidiyo muli wokamba wina. Ndi uja amaika mau a Cicewa pa mafilimu a ku China, ndipo mafilimuwo amaoloka malire pa Chiponde ali m'mafoni ndi m'mafulashi. Timamkonda. Popanda iye agogo sakanamva kanthu. Amapatsa anthu a m'filimu maina a kwathu. Mpunga amauchula nsima. Amaseketsa pamene palibe coseketsa. Ndi luso, ndipo tisalinyoze. Koma akafuna, munthu wocedwa kumva amsandutsa cidzete kuti anthu aseke. Akatopa, mau aatali a mfumu amawadula n'kungoti: "Akuti tiyeni tizipita." Ife timangovomera.

Ngakhale mnzathu wa ku Cuamba, munthu wabwino, anatipusitsa tsiku lina. Tinali pa sewero la 2017. Dzulo lace tinasiya anthu ali pa ulendo, lero tinawapeza afika kale ndipo akukangana pa nkhani imene sitinaione. Tinafunsa. Iye anati: "Ndi mmene Achaina amapangira, amalumpha." Tinakhulupirira.

Koma amai ena a m'kalasi lathu, amene anayamba kuphunzira manambala caka catha, anali atakhala pafupi ndi kompyuta. Anayang'anitsitsa mndandanda wa magawo. Analoza ndi cala, nawerenga mokweza pang'onopang'ono: "21. 22. 24." Anabwerezanso. Kenaka anatembenuka nati: "Acimwene, 23 ali kuti?"

Mnzathu anakanda m'mutu. Gawolo linakana kutseguka, ndipo iye anacita manyazi kunena. Loweruka lotsatira anakwera njinga kupita kukalifuna, ndipo ife tinakana kuonera 25 mpaka atabwera nalo.